Sitima zikawombana, kodi mlandu ndi wa dalaivala yekha?

Funso lochokera kwa bambo wina wa ku Luchenza, m'boma la Thyolo:

"Ine ndakulira pafupi ndi njanji, ndipo mwana wanga wamwamuna akuti akamaliza sukulu akufuna kudzakhala woyendetsa sitima. Koma pali zina zimene sindimvetsa. Tikamva pa wailesi kuti kunja sitima zawombana, kawirikawiri amati dalaivala sanaime pa nyali yofiira. Munthu woti ntchito anaiphunzira angalephere bwanji kuona nyali yofiira? Nanga kwathu kuno, kuchokera ku Limbe kutsetsereka ku Khonjeni mpaka ku Sandama, ine sindionako maloboti m'mbali mwa njanji ngati a mumsewu. Chimaletsa sitima ziwiri kukumana mphuno ndi mphuno n'chiyani? Ndipo dalaivala wolakwitsayo akachotsedwa ntchito, si ndiye kuti vuto latha?"

Yankho:

Ayi bambo, vuto silitha. Mukachotsa dalaivala amene wadumpha nyali yofiira n'kusiya zina zonse mmene zinalili, mwangosintha dzina la munthu amene adzalakwitse pamalo omwewo chaka chamawa. Njanji yoyendetsedwa bwino imavomereratu kuti dalaivala, angasamale chotani, tsiku lina adzaphonya basi, ndipo imakonzeratu china chake choti chidzagwire sitimayo tsiku limenelo.

Dalaivala wa minibasi amayendera maso ake. Akaona mbuzi kutsogolo amaponda buleki kapena kukhotetsa chiwongolero. Wa sitima chiwongolero alibe, ndipo mabuleki ake sagwira msanga. Gudumu ndi lachitsulo, njanji nayo ndi chitsulo, ndipo pamene ziwirizi zimakhudzana ndi kamalo kochepa kwambiri, pafupifupi sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Ubwino wake ngwakuti mutu umodzi wa sitima umakoka katundu amene akanadzaza malole ambirimbiri. Kuipa kwake kumaonekera poima. Sitima yakatundu yolemera, ikamathamanga makilomita 90 pa ola, imatha kuyenda kilomita imodzi ndi theka kapena kuposa apo kuchokera pamene mabuleki amangidwa kufika pamene yaimiratu, pomwe galimoto pa liwiro lomwelo siyifika n'komwe mamita 100. Za kwathu kuno sizithamanga choncho, komabe masamu ake ndi ankhanza: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Onjezanipo mame a m'mawa, kamvula ka chiperoni kamene kamangonyowetsa njanji osaitsuka, ndi masamba oponderezedwa amene amasanduka phala loterera. N'chifukwa chake mutu wa sitima umanyamula mchenga wouma n'kumauthira patsogolo pa magudumu.

Tsono pa njanji yokhotakhota ngati ya kwanu ku Thyolo, yodutsa m'mapiri ndi m'minda ya nthochi, dalaivala akamachiona chinthu ndi maso ndiye kuti nthawi yoti aime inadutsa kale. Iye amayendera mawu a munthu wina amene wamutsimikizira kuti kutsogolo kulibe kanthu. Nyali yofiira, yachikasu kapena yobiriwira ndi njira imodzi chabe yomufikitsira mawu amenewo.

Njanji zitangoyamba ku Britain ankadalira wotchi: sitima ikanyamuka, ankadikira mphindi zingapo n'kutulutsa ina. Yoyambayo ikafera panjira, yachiwiri inkangoipeza. Pa 12 June 1889 ku Armagh, ku Ireland, sitima yonyamula ana a Sande sukulu inalephera kukwera chitunda. Anaidula pakati, mabogi am'mbuyo anabwerera chamtsetse n'kukawomba sitima imene inkabwera pambuyo, ndipo anthu 80 anafa. Chaka chomwecho boma linaika lamulo la zinthu zitatu zimene mpaka lero ndiwo maziko a chitetezo cha pa njanji. Njanji igawidwe zigawo ndipo chigawo chimodzi muzikhala sitima imodzi yokha. Masiginolo ndi mapoyinti, zitsulo zija zimapatutsa sitima, azimangirirana kuti nyali isalole sitima kupita kumene njira sinakonzedwe. Ndipo sitima za anthu zikhale ndi mabuleki a bogi lililonse, omanga okha sitima ikaduka.

Kumene kuli masiginolo amagetsi, sitima imadziulula yokha. Mu njanji ziwiri zija amadutsitsamo mphamvu yochepa ya magetsi, ndipo sitima ikalowa m'chigawocho magudumu ake amalumikiza njanjizo, nyali yakumbuyo n'kufiira. Nzeru imeneyi inachokera kwa William Robinson wa ku America mu 1872. Kukoma kwake n'kwakuti waya akaduka kapena batire ikatha, nyali imafiiranso. Chilichonse chikaonongeka, sitima imaima.

Nanga bwanji kwanuko simukuziona nyalizi? Njanji imene imadutsa pa Luchenza inatsegulidwa mu 1908 ndi kampani ya Shire Highlands Railway, kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, kukafika ku Blantyre. Ndi njanji ya mzere umodzi, yotalikirana mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo zake, ndipo sitima zimapitirirana pa masiteshoni pokha pamene pali mzere wachiwiri wopatukira. Ili ngati ulalo wa mtengo umodzi pa mtsinje: anthu awiri sangapitirirane pakati, wina ayenera kudikira kutsidya. Kuika maloboti makilomita angapo alionse, ndi mawaya, mabatire ndi amisiri owasamalira, pa njanji yodutsa sitima zowerengeka, ndi ndalama zimene mayiko ambiri a mu Africa, ngakhale madera akumidzi a ku America ndi Australia, saononga. Pa njanji zoterezi chimene chimagwira ntchito ya nyali yobiriwira ndi chilolezo: dalaivala salowa pakati pa masiteshoni awiri asanapatsidwe umboni woti chigawocho ndi chake yekha.

Umboni wakale kwambiri unali chinthu chogwirika. Chigawo chilichonse chinali ndi ndodo kapena kambale kachitsulo kolembedwa mayina a masiteshoni awiriwo, ndipo wopanda kachitsuloko sankanyamuka. Mu 1878 Edward Tyer anapanga makina awiri olumikizana ndi waya, amodzi siteshoni iyi ena siteshoni inayo, amene ankalola kuti kambale kamodzi kokha katuluke pa nthawi imodzi. Kakatuluka, makina onse awiri ankadzitseka mpaka kabwezedwe. Poganiza chabe, sitima ziwiri sizikanakumana. Koma tamvani zimene zinachitika pa siteshoni yaing'ono ya Abermule ku Wales pa 26 January 1921, chifukwa ngozi imeneyi imafanana ndi njanji yathu kuposa zonse zimene mumamva pa wailesi.

Sitima yoima paliponse inafika pa Abermule kuchokera ku Montgomery, ndipo anthu ake anapereka kambale ka chigawo chimene amaliza kwa kalaliki wachinyamata wa pasiteshonipo. Mnyamatayo, m'malo mokakabweza m'makina, anakumana ndi mkulu wa siteshoni amene ankachokera kokadya n'kumupatsira m'manja. Mkuluyo anayesa kuti ndi kambale katsopano ka chigawo chakutsogolo, cha ku Newtown, ndipo anakapereka kwa oyendetsa sitima ija osawerenga. Nawonso analandira osawerenga, n'kunyamuka. Kambale kenikeni ka chigawocho kanali m'manja mwa dalaivala wa sitima yothamanga imene inali italowa kale kuchokera ku Newtown. Anthu 17 anafa. Oyendetsa sitima yothamangayo anadumpha n'kupulumuka, ndipo pofufuza m'zitsulo zophwanyikazo anapeza timbale tonse tiwiri, kawo kolondola ndi kena kolembedwa Montgomery ndi Abermule. Makina anali abwinobwino. Munthu aliyense pamzerewo anakhulupirira kuti mnzake waona kale. Paja amati safunsa anadya phula. Zitatero, njanji zambiri zinamangirira siginolo yonyamukira ku makina a timbale aja, kuti nyali isalole sitima kutuluka ngati kambale koyenera sikanatuluke m'makina. Taonani kuti sanangolemba kalata yoti madalaivala aziwerenga, anasintha zida.

Masiku ano chilolezo chimabwera kwambiri pa pepala, pa wailesi ya ova-ova, kapena pa kompyuta ya m'mutu wa sitima, kuchokera kwa munthu wa ku kontirolo amene amaona sitima zonse pa mapu. Apa ngozi imabisala m'mawu. Lamulo la njanji zonse zosamala n'lakuti wolandira uthenga aulembe, aubwereze wonse, nambala ya sitima, malo oyambira ndi malo olekezera, ndipo wotumizayo atsimikize. Anthu akazolowerana amayamba kudula: "Basi pitani, mnzanu wadutsa kale." Mnzanu uti? Wadutsa pati? Ine ndikamva anthu a sitima akulankhulana mocheza pa wailesi ya ntchito ndimachita mantha kuposa ndikaona njanji yadzimbiri. Ndipo wolakwitsa sakhala dalaivala nthawi zonse. Ku Bad Aibling ku Germany, mu February 2016, woyang'anira masiginolo ankasewera gemu pa foni, analoleza sitima kudutsa nyali yofiira pa njanji ya mzere umodzi, ndipo anthu 12 anafa. Ku Tempi ku Greece, pa 28 February 2023, sitima ya anthu inalowetsedwa mumzere wolakwika n'kuwombana ndi yakatundu, anthu 57 n'kufa. Madalaivala a sitima zimenezi anachita zimene anauzidwa.

Mwafunsa kuti munthu wophunzira ntchito alephera bwanji kuona chofiira. Nthawi zambiri maso amakhala ataiona nyaliyo, koma mutu ndiwo umaona zimene unazolowera. Dalaivala amene wakhala akupeza siginolo ina ili yobiriwira tsiku ndi tsiku, dzanja lake limaphunzira kusamanga buleki pamenepo. Pamene pali mizere ingapo, atha kuwerenga nyali ya mzere woyandikana nawo. Pasiteshoni, gadi akamuimbira kuti anthu akwera, thupi limangonyamula sitima asanayang'ane ngati siginolo yalola. Ndiye pali tulo. Ntchito ya sitima ndi ya usiku ndi m'bandakucha, phokoso la injini ndi limodzimodzi, ndipo munthu amene sanagone mokwanira amatha kuwodzera masekondi ochepa maso ali chitsegulire, iye osadziwa n'komwe. Nkhungu ya chiperoni imene imakuta Thyolo ndi Mulanje m'miyezi ya June ndi July si yachilendo kwa anthu a njanji. Ngozi ya pa siteshoni ya Harrow and Wealdstone ku Britain mu October 1952, imene inapha anthu 112, inachitika m'mawa wa nkhungu, sitima yothamanga itadutsa masiginolo oichenjeza ndi oiimitsa.

Chitsanzo chimene ndimafuna aliyense woweruza madalaivala atachidziwa ndi cha ku Ladbroke Grove, pafupi ndi siteshoni ya Paddington mu London, pa 5 October 1999. Sitima inadutsa siginolo yotchedwa SN109 ili yofiira n'kuwombana maso ndi maso ndi ina yothamanga kwambiri. Anthu 31 anafa, kuphatikizapo madalaivala onse awiri, ndipo oposa 400 anavulala. Mukangomva choncho, mlandu waoneka kale mwini wake. Koma kafukufuku wotsogozedwa ndi Lord Cullen anapeza kuti siginolo yomweyo inali itadumphidwa kasanu ndi katatu m'zaka 6 za m'mbuyomo, ndi madalaivala osiyanasiyana. Inali pamwamba pamodzi ndi masiginolo a mizere ina, mawaya a magetsi ankaitchinga, ndipo m'mawa umenewo dzuwa linali lotsika, likuwomba pa magalasi ake. Dalaivalayo anali asanathe sabata ziwiri chiyambire kuyendetsa yekha, ndipo pomuphunzitsa sanamuuze kuti malo amenewo ndi odziwika ndi vutoli. Madalaivala asanu ndi atatu analakwitsa pamalo amodzi, aliyense akuonedwa ngati vuto ndi iyeyo, mpaka wachisanu ndi chinayi anapeza sitima ina ikubwera. Funso lanu lomaliza lija yankho lake lili pamenepa.

Sindikunena kuti dalaivala alibe udindo. Ku Chatsworth ku California, pa 12 September 2008, woyendetsa sitima ya anthu anatumiza uthenga wa pafoni patatsala masekondi 22 kuti awombane ndi sitima yakatundu, atadutsa nyali yofiira, ndipo anthu 25 anafa. Pamenepo palibe chobisalira. Mowa, chamba ndi foni m'manja si zolakwitsa mwangozi, ndi zosankha, ndipo wotero achoke pa mpando. Koma chilango chikamagwera aliyense mofanana, wosankha dala ndi wophonya mwaumunthu, chimabala ngozi zina. Ku Amagasaki ku Japan, pa 25 April 2005, dalaivala wa zaka 23 anapitirira malo oimira pa siteshoni, anabwerera m'mbuyo, ndipo sitima inachedwa ndi mphindi imodzi ndi theka yokha. Kampani yake inali ndi chizolowezi cholanga ochedwa mowachititsa manyazi. Analowa pa kona yoyenera makilomita 70 pa ola akuthamanga 116, sitima inagwa n'kukawomba nyumba yosanja, anthu 107 n'kufa. Pamalo pamene munthu wovomera kuti "lero ndinatsala pang'ono" amachotsedwa ntchito, palibe amene amavomera, ndipo mabwana amadzazimva tsiku la maliro.

Zida zogwira dalaivala akaphonya zinabwera pang'onopang'ono, ndipo chilichonse chinaulula kufooka kwake. Choyamba chinali chopondera kapena chogwirira chimene dalaivala akachisiya, monga akakomoka, mabuleki amamanga. Anthu anapeza njira yochitsamiritsa ndi chinthu cholemera. Kafukufuku wa ngozi ya ku Hinton ku Canada mu 1986, pamene sitima yakatundu inadutsa chofiira n'kupha anthu 23, anadzudzula khalidwe limeneli pamodzi ndi kutopa kwa antchito. Mitu yamakono ili ndi kachipangizo kamene kamalira pakapita mphindi imodzi kapena kuchepera dalaivala asanagwire kalikonse, ndipo akapanda kuyankha sitima imaima yokha. Kameneka kamatsimikiza kuti munthu ali moyo, koma sikadziwa ngati akuganiza.

A ku Britain, pambuyo pa ngozi ya 1952 ija, anafalitsa chida chotchedwa AWS. Pakati pa njanji, pafupifupi mamita 180 siginolo isanafike, pamakhala maginito. Nyali ikakhala yobiriwira, m'mutu wa sitima mumalira belu. Ikakhala ina iliyonse mumalira hutala, ndipo dalaivala ali ndi masekondi awiri kapena atatu kuti adine batani lovomera, apo ayi mabuleki amanga. Chinapulumutsa anthu ambiri, koma chili ndi chilema: kulira kwa nyali yachikasu ndi kwa yofiira n'kumodzi, ndipo pa njanji yodzaza munthu amadina batanilo kambirimbiri pa tsiku mpaka chala chimadina chokha. Sitima ya ku Ladbroke Grove inali nacho chida chimenechi. Ya ku Southall mu 1997, pamene anafa anthu 7, inatulutsidwa chidacho chili chozimitsa chifukwa chinali chitaonongeka, ndipo dalaivala anadutsa nyali zochenjeza akulongedza chikwama chake. Pofika kumapeto kwa 2003 dzikolo linali litaika chida china, TPWS, chimene sichifunsa maganizo a dalaivala: sitima ikayandikira chofiira mothamanga kwambiri kapena ikachidumpha, imamangidwa basi. A ku America ngozi ya Chatsworth inawakakamiza kuika lamulo mu 2008 loti njanji zikuluzikulu zikhale ndi chida chotchedwa PTC, ndipo ntchitoyo inatha mu December 2020. Ku Ulaya akufalitsa china chofanana nacho, chotchedwa ETCS. Zida ziwirizi, PTC ndi ETCS, zimadziwa pamene sitima ili, liwiro lake, kulemera kwake ndi pamene chilolezo chake chikuthera, ndipo zimawerengera mosalekeza kuti mabuleki ayenera kuyamba pati. Dalaivala akachedwa, kompyuta imamulanda sitima.

Kwa ife, maganizo anga ndi akuti kulirira maloboti m'mbali mwa njanji n'kulirira chinthu cholakwika. Waya wa kopa ndi batire zosiyidwa patchire pakati pa Khonjeni ndi Thekerani sizingagone masiku ambiri, ndipo siginolo yobedwa mawaya imangokhala yofiira kapena yozima, zimene zimakakamiza anthu kuyendetsa sitima ndi mawu apakamwa, nthawi yomwe ngozi zambiri zimachitika. Choyenera njanji zazitali za sitima zochepa ndi chida chokhala m'mutu wa sitima momwemo, chodziwa malo kudzera pa GPS, cholandira chilolezo pa wailesi kapena pa setilaiti, ndipo chotha kumanga mabuleki chilolezo chikatha. Nzeru zikakhala m'sitima, panja sipatsala zambiri zoti zibedwe. Pa mzere wa malasha wochokera ku Moatize kudutsa pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi kupita ku Nacala, pamene sitima imodzi imakoka mabogi oposa 100, kudalira maso a munthu mmodzi kungakhale kusewera ndi moyo. Koma chida chilichonse chili ndi batani lochizimitsira chikavuta, ndipo chitetezo chenicheni cha kampani chimaoneka pa funso loti ndani amaloledwa kuligwira batani limenelo, ndiponso ngati sitima imatuluka chida chili chakufa.

Palinso zotsika mtengo zimene zimagwira ntchito. Madalaivala a ku Japan amaloza siginolo ndi chala n'kutchula mtundu wake mokweza ngakhale ali okha. Munthu wakunja amaseka, koma dzanja ndi pakamwa zimadzutsa mutu. Pamene m'mutu wa sitima muli anthu awiri, wothandizira azitchula zimene waona ndipo akhale ndi mphamvu yomanga buleki bwana wake akaphonya. Apa chikhalidwe chathu chaulemu chimatha kutipweteka: mnyamata amaona kuti achikulire akuthamangitsa, koma amachita manyazi kunena. Kampani iyenera kumuuza momveka kuti kulankhula ndi gawo la ntchito yake, ndipo achikulirewo auzidwe kuti kudzudzulidwa ndi mwana m'mutu wa sitima si chipongwe. Ndandanda ya ntchito izipatsa anthu nthawi yogona, ndipo malo ogona kumasiteshoni akutali akhale oti munthu n'kugonadi.

Njanji ya kwanu ili ndi ngozi ina imene siyiyamba ndi kudumpha nyali yofiira. Limbe ili pamtunda woposa mamita 1,000, pomwe Chiromo safika mamita 100, ndipo kutsika kwambiri kumachitikira m'boma la Thyolo ndi m'mphepete mwa Ruo. Mabuleki a mpweya amagwira ntchito motere: paipi imodzi imayenda kuchokera kumutu mpaka bogi lomaliza, ndipo mpweya ukachepetsedwa m'paipimo, thanki yaing'ono ya pa bogi lililonse imakankha mabuleki. Pa sitima yaitali pamapita masekondi angapo kuti bogi lomaliza limve. Dalaivala akamamanga n'kumasula, kumanga n'kumasula pafupipafupi pamtsetse wautali, matanki aja sapeza mpata wodzaza, ndipo pomwe akuwafunitsitsa amapeza mabuleki alibe mphamvu. N'chifukwa chake mabuleki amayesedwa bogi ndi bogi sitima isananyamuke, ndipo mabogi osiyidwa pamtsetse amamangidwa ndi mabuleki a pamanja okwanira, osati kutsamiritsidwa ndi miyala. Anzathu a ku Mozambique analira pa 25 May 2002 ku Tenga, pafupi ndi Maputo, pamene mabogi a anthu osiyidwa pachitunda atatsamiritsidwa ndi miyala anatsetsereka n'kukawomba mabogi a simenti, anthu oposa 190 n'kufa. Patangotha mwezi, pa 24 June, ku Igandu ku Tanzania sitima ya anthu inabwerera m'mbuyo pachitunda mabuleki atavuta n'kukawomba yakatundu, ndipo anafa anthu 281. Zinali ngati Armagh yabwereranso patapita zaka 113. Pa masiteshoni a pamtsetse pamayenera kukhala mapoyinti otayira, opangidwa dala kuti bogi lothawa ligwere kumbali lisanalowe mumzere waukulu.

Za mwana wanuyo, musamuletse. Ndi ntchito yabwino, koma akayezetse maso msanga kuti adziwe ngati amasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, chifukwa vuto limeneli limapezeka kwambiri mwa amuna, munthu amabadwa nalo osadziwa, ndipo magalasi salithetsa. Makutu nawo amayezedwa. Kupatula thupi, ntchitoyi imafuna munthu wotha kutsatira lamulo lomwelo kachikwi osatopa nalo, ngakhale kulibe womuona. Mnyamata wokonda kudzionetsa kuti amatha, kapena wosatha kukhala ola limodzi osagwira foni, imeneyi si yake.

Inu okhala m'mbali mwa njanji muli ndi mbali yanu, ndipo si yaing'ono. Pamene msewu wa Thyolo kupita ku Mulanje umadutsa njanji, kapena pa tinjira ta akabaza ndi njinga zamoto, hutala wa sitima sakupempha mpata, akukuuzani kuti iyeyo kuima sangathe. Njanji ikakhala nthawi yaitali osadutsa sitima, monga zakhala zikuchitikira madzi osefukira akaiononga, anthu amazolowera kuyanika chinangwa, kuyala malonda ndi kuwoloka osayang'ana, ndipo masiku oyamba sitima zikabwerera ndiwo oopsa kwambiri. Wochotsa mabawuti ndi zitsulo zogwira njanji kuti akagulitse kwa ogula zitsulo zakutha kapena akasulire makasu ayenera kuonedwa m'mudzi ngati munthu wokumba mbuna panjira, chifukwa palibe siginolo kapena kompyuta imene ingagwire sitima njanji ikatseguka pa kona.

Mvula ikagwa yambiri, ngati ya namondwe Freddy mu March 2023, madzi amatha kukokolola dothi la pansi n'kusiya njanji ili lende, pamwamba ikuoneka yabwinobwino. Mukaona zoterezi, kapena mtengo, mwala ndi galimoto yofera panjanji, wina athamangire ku siteshoni kapena kupolisi, koma ena asaime pamalo pangoziwo kudikira sitima. Yendani m'mbali mwa njanji, osati pakati, kulowera kumene sitima ingachokere, ndipo ngati simukudziwa mbali, gawanani mbali zonse ziwiri. Pitani kilomita yathunthu kapena kuposa, makamaka mbali ya kumtunda kumene sitima imabwera ikutsetsereka, ndipo imani poongoka pamene dalaivala angakuonereni patali. Masana kupizani nsalu yofiira, ndipo ngati mulibe, kwezani manja onse awiri pamwamba pa mutu. Usiku gwedezani tochi kapena nyali iliyonse mwamphamvu uku ndi uku. Dalaivala wophunzitsidwa amadziwa kuti zizindikiro zimenezi zikumuuza kuti aime, ngakhale wozipereka atakhala mwana wa sukulu.